Katemera wa mano sanafike, mwana apite kuchipatala

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 24 ndipo ndimakhala kwa Mwambo ku Zomba, chakufupi ndi doko la Kachulu. Ndili pabanja, tili ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka zitatu ndi theka, ndipo panopa ndine woyembekezera.

Vuto langa ndi mano a mwanayu. Mano anayi am'mwamba akutsogolo anayamba ndi mawanga oyera, kenako anada, pano angotsala zitsa. Lina lotafunira labooka moti usiku sitigona. Sabata yatha tsaya linatupa, linaphwa patatha masiku atatu, koma pankhama patsala kachithupsa kotuluka mafinya.

Bambo a kunyumba ndi msodzi, amakhala pa zimbowera sabata ziwiri kapena zitatu osabwera. Iwo akuti awononga mwanayu ndi mayi anga chifukwa ndi amene amatsala naye ine ndikapita kumpunga, ndipo amam'patsa tiyi wa shuga wambiri komanso ali wamng'ono ankamutafunira chakudya. Mayi nawo akuti mkamwini wawo ndiye amabwera ndi maswiti ndi mafirizesi akachoka kunyanja. Akutinso m'dzinomo muli nyongolotsi, ndipo mano a ubwana sadandaulitsa chifukwa adzaguluka okha. Awiriwa sakupatsana ngakhale moni, ine ndangokhala pakati.

Tsono bambowa anaona kanema pa WhatsApp wonena kuti azungu apeza katemera wa mano. Tsiku la msika pa Jali anakumana ndi munthu wina wa chikwama amene akuti katemerayo ali naye, amabaya K15,000, ndipo mwana sadzamvanso dzino moyo wake wonse. Akuti ndisavutike ndi ulendo wa kuchipatala chifukwa kumeneko akangomuzula mano, tidikire apeze ndalama akabayitse. Kodi katemerayu alipodi? Ngati alipo, bwanji kusikelo sanatiuzepo? Nanga amene ndikuyembekezerayu ndidzamuteteze bwanji?

Mayi wothedwa nzeru,
Mwambo, Zomba.

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu.

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Kachithupsa kali pankhamako kakutiuza kuti dzinolo lawola mpaka m'kati ndipo mafinya ali pansi pa muzu. Tsaya lidaphwa chifukwa mafinyawo apeza potulukira, osati chifukwa mwana wachira ayi. Mwanayo apite kuchipatala sabata ino. Ndipo tsaya likatupanso, thupi likatentha, kutupa kukafika kudiso kapena pansi pa chibwano, kapena akamalephera kuyasamula, kumeza ndi kupuma bwino, musadikire kuti kuche. Dzutsani wa kabaza usiku womwewo.

Sindikukuopsezani. Chaka china ndili pa ntchito ya usiku pachipatala china cha boma, adabwera ndi mnyamata wamphamvu zake, wa msinkhu ngati wa amuna anuwo. Chidayamba ndi dzino lotafunira. Adaikapo fodya, adadonthezapo madzi a batire, adamwa mapilitsi ogula pagolosale. Pofika kwa ife khosi lonse lidali litatupa, lilime litakwera m'mwamba, mpweya ukuchita kuliza likhweru. Tidayesetsa, koma sadafike m'mawa. Mayi ake ankangobwereza mawu amodzi pakhonde paja, kuti linali dzino chabe. Kuyambira tsiku limenelo sindilola munthu kundiuza kuti ndi dzino chabe.

Tsopano funso lanu. Yankho ndi lakuti ayi. Lero lino palibe dziko ngakhale limodzi, kaya ku Ulaya, ku America kapena ku China, limene lili ndi katemera wovomerezeka woteteza mano kuti asabooke. Choncho chimene chili m'chikwama cha munthu wa pamsikayo si katemera wa mano. Akhoza kukhala madzi, akhoza kukhala mankhwala otha ntchito, ndipo singano yake ikhoza kukhala yoti yabaya kale anthu ena. Jakisoni wotero amabweretsa chithupsa, amapatsirana HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo akalasa mtsempha wa pathako mwana amatha kutsimphina moyo wake wonse. Kauzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi amfumu kuti munthuyo afufuzidwe asanavulaze ana a eni.

Musandimve molakwa. Ine ndine mmodzi mwa anthu okhulupirira katemera ndi mtima wonse, chifukwa ndidayamba ntchito nthawi imene chikuku chinkadzaza wodi ya ana, ena n'kutuluka osaona. Ndaona akatemera atsopano akufika m'dziko muno mmodzimmodzi: wa chibayo mu 2011, wa kutsegula m'mimba kwa ana mu 2012, wa khansa ya khomo la chiberekero mu 2019. Mu April 2019 momwemo Malawi lidakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo wa taifodi adafika mu 2023. Onsewa adabwera njira imodzi: adalengezedwa ndi Unduna wa Zaumoyo, adafikira kusikelo kapena kusukulu, ngaulere, ndipo amalembedwa m'kabuku ka mwana. Katemera wa mano akadzapezeka adzadzera khomo lomwelo, osati pamsika pakati pa ogulitsa matemba ndi kaunjika.

Komabe amuna anuwo si opusa. Kanemayo ali ndi poyambira pake, chifukwa akatswiri akhaladi akufunafuna katemera ameneyu kwa zaka zoposa 50. Kuti mumvetse chifukwa chimene sanamupezebe, tiyambe ndi nyongolotsi za agogo zija.

Mayi anu alondola theka. M'dzino mulibe nyongolotsi, koma zamoyo zilimo. Tapitani pagalasi m'mawa musanatsuke m'kamwa, mukande dzino ndi chikhadabo kufupi ndi nkhama. Zoyera zoterera zimene zitsale pachikhadabopo ndi mudzi wathunthu wa tizilombo tosaoneka ndi maso. Kotchuka kwambiri mwa ito dzina lake ndi Streptococcus mutans, ndipo adakatcha choncho ndi katswiri wina wa ku London dzina lake Kilian Clarke mu 1924. Kachilomboka kakapeza shuga kamachita zinthu ziwiri. Choyamba, kamapanga ulimbo, ngati uja anyamata a kwanuko amatchera mbalame m'mabango a Chilwa, kuti kamamatire padzino malovu asakakokolole. Chachiwiri, kamatulutsa asidi amene amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Mawanga oyera amene mudaona poyamba aja chidali chikuto chitayamba kusungunuka.

Nthawi iliyonse mwana akaika chotsekemera m'kamwa, asidiyo amaluma mano kwa mphindi 20 kapena 30, mwinanso kuposera. Kenako malovu amatsuka ndi kuyamba kukonza pamene padyekapo. Mwana akadya zotsekemera kamodzi pa nthawi ya chakudya, malovu amakwanitsa ntchito. Koma akamwa tiyi wa shuga m'mamawa, switi chakumasana, firizesi masana, bisiketi madzulo, n'kugona ndi tiyi wina m'kamwa, malovu sapeza mpata. Usiku ndiye poipitsitsa chifukwa munthu akagona malovu amachepa.

Mu 1960 akatswiri awiri a ku America, Robert Fitzgerald ndi Paul Keyes, adaonetsa pa tinyama tonga makoswe kuti tizilombo towoletsa mano timachoka pa kanyama kena kupita pa kanzake. Apa m'pamene anthu adaganiza kuti, ngati ndi matenda a kachilombo, bwanji osapanga katemera? Mu 1969 William Bowen ku England adayesa katemera woyamba pa anyani, ndipo mu 1975 Thomas Lehner wa pachipatala cha Guy's ku London adaonetsanso kuti anyani otemeredwa mano awo ankabooka pang'ono kuyerekeza ndi anzawo. Ambiri adati basi, yatha nkhani. Koma ayi ndithu. Pa akalulu amene adabayidwa tizilombo tathunthu padaoneka zizindikiro zoti asilikali a m'thupi amene adadzuka aja akhozanso kulimbana ndi minofu ya mtima. Ndani angalole kuika mtima wa mwana pachiswe pofuna kupulumutsa dzino? Kuyambira pamenepo adasiya kugwiritsa ntchito kachilombo kathunthu, n'kuyamba kusankha tizigawo take, makamaka tija timakathandiza kupanga ulimbo ndi kumamatira.

Mu 1987 Daniel Smith ndi Martin Taubman a ku Forsyth mumzinda wa Boston adamwetsa kachigawo kotero anyamata ochepa odzipereka. Asilikali adadzukadi m'malovu, tizilombo tidachedwa kubwerera, koma kwa masabata ochepa chabe. Mu 1998 Julian Ma, pachipatala cha Guy's chomwe chija, adabwera ndi nzeru ina imene ingatiseketse ife Amalawi. Adasintha mbewu ya fodya m'chipinda chofufuzira kuti masamba ake azipanga asilikali olimbana ndi kachilomboka, n'kuwasefa bwinobwino, n'kupaka pamano a anthu ochepa. Kachilomboko sikadabwerere kwa miyezi inayi. Koma atayesanso ku America patapita zaka, zotsatira sizidakhutiritse. Agogo asamve nkhaniyi n'kuthamangira kukaika fodya wawo wa mphuno padzino la mdzukulu. Ameneyo ndi poizoni kwa mwana, ndipo kwa wamkulu amabweretsa khansa ya m'kamwa.

Ku China nako sadagone. Mu 2017 akatswiri a ku Wuhan adalengeza katemera wodonthezera m'mphuno amene adachepetsa kubooka kwa mano pa makoswe. Nkhaniyi idazungulira dziko lonse pa intaneti, ndipo imabwererabwerera ngati yatsopano, koma kuchoka pa khoswe kufika pa mwana wa munthu ndi ulendo wautali. Palinso njira ya Jeffrey Hillman wa ku Florida, amene adasintha kachilombo komweko kuti kasamatulutse asidi woluma mano uja, ndi cholinga choti kakalande malo a koipako m'kamwa. Mu 2024 kampani ina ya ku America idayamba kugulitsa zimenezi, koma si katemera, ndipo bungwe loona za mankhwala la dzikolo silidavomereze kuti ndi mankhwala oteteza mano. Makanema a pa WhatsApp amatola nkhani ngati zimenezi, n'kudula mchira wake.

Nanga chikuvuta n'chiyani pamene akatemera ena adatheka? Zifukwa zilipo zingapo. Katemera wa chikuku amadzutsa asilikali m'magazi, ndipo chikuku chikalowa m'thupi chimawapeza ali chire. Koma pamwamba pa dzino sipayenda magazi. Pamafunika asilikali a m'malovu, ndipo amenewa ngovuta kuwadzutsa komanso sachedwa kuiwala. Chachiwiri, chikuku chili ndi kachilombo kamodzi, pamene m'kamwa muli mitundu mazanamazana. Mukachotsa Streptococcus mutans koma shuga n'kumabwerabe, ena opanga asidi amalowa m'malo mwake. Chachitatu ndi nthawi. Kafukufuku wa Page Caufield ku America mu 1993 adapeza kuti ana ambiri amatenga kachilomboka ali ndi miyezi yapakati pa 19 ndi 31, ndipo ena amakatenga msanga kuposa pamenepo. Ndiye kuti katemerayo ayenera kuperekedwa kwa makanda athanzi, kumene sikufunika kulakwitsa ngakhale pang'ono. Chachinayi ndi ndalama. Kuyesa katemera pa ana zikwizikwi kwa zaka zingapo kumadya chuma chambiri, pamene njira yotchipa yoteteza mano ilipo kale, ndipo ndikuuzani posachedwa.

Dziwaninso ichi: ngakhale katemerayo atafika mawa pandege, mwana wanu sangamuthandize pa mano amene abooka kale. Katemera amatseka khomo mbala isanalowe. Dzino lobooka silimeranso mnofu ngati chilonda. Akuluakulu adati fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Tiyeni tigwire zimene zili m'manja mwathu.

Simuli nokha pavutoli. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2022 kuti ana 514 miliyoni ali ndi mano a ubwana obooka, ndipo anthu pafupifupi 2 biliyoni ali ndi mano a ukulu obooka. Kuno kwathu kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 adapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu aliwonse a zaka 12 mpaka 15, komanso pafupifupi theka la anthu a zaka 35 kupita m'tsogolo, adali ndi dzino lobooka. Ine ndemwe ndikulemba pano ndili ndi mipata inayi m'kamwa. Pa ntchito ya usiku tinkamwa tiyi wa masipuni atatu kuti tisagone, kawiri kapena katatu usiku umodzi, kwa zaka zambirimbiri. Ndinkaphunzitsa amayi za ukhondo masana, usiku n'kumadyetsa tizilombo tanga. Choncho sindikuloza chala munthu.

Nanga wolakwa ndani kwanuko, apongozi kapena mkamwini? Mundikhululukire, koma pamlandu uwu aliyense waponyapo mwala wake, inunso muli momwemo. Kachilomboka mwana sabadwa nako. Amakatenga m'malovu a anthu omulera, ndipo kawirikawiri ndi kwa mayi ake omubereka: polawa phala ndi sipuni yomweyo, pomutafunira, ponyambita chinthu chagwa pansi n'kumubwezera m'kamwa. Agogo adathira shuga m'tiyi chifukwa chokonda mdzukulu. Bambo adagula maswiti chifukwa atha sabata zitatu pamadzi akumusowa mwana wawo, ndipo akufuna akafika awathamangire. Palibe mfiti pamenepa. Onse ndi chikondi, kungoti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali kusamvetsa kwina kumene ndimakumana nako m'midzi. Kuyambira 2012 shuga wopangidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, ndipo ena amaganiza kuti ndiye kuti akachuluka mwana akhala wathanzi. Vitaminiyo ngwabwino, koma shuga akadali shuga. A WHO amalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamathiriridwe shuga m'zakudya ndi m'zakumwa, ndipo munthu wamkulu asapyole masipuni ang'onoang'ono 12 patsiku, akafika pa 6 ndiye bwino kwambiri. Botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi likhoza kukhala ndi masipuni 7 kapena 8 palokha. Vitamini A mwana amupeza kusikelo, m'mbatata yofiira m'kati, m'maungu, m'mango, m'mapapaya ndi m'masamba.

Za mano a ubwana, auzeni mayi anu mwaulemu kuti n'zoona adzaguluka, koma osati lero. Mwana amakhala ndi mano 20. Akutsogolo amayamba kuguluka ali ndi zaka 6 kapena 7, koma otafunira amakhala mpaka zaka 10 kapena 12. Mwana wanu ali ndi zitatu ndi theka. Kodi alire zaka zisanu ndi ziwiri? Mwana womva dzino sadya bwino, sagona bwino, sikelo yake imatsika, ndipo akadzayamba sukulu anzake adzamuseka mpaka adzaphunzira kuseka atatseka pakamwa. Komanso pansi pa dzino la ubwana lililonse pali dzino la ukulu limene likukula, ndipo mafinya aja akhoza kuliwononga lisanatuluke n'komwe. Chinanso chimene makolo ambiri sadziwa: pa zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera mano anayi otafunira a ukulu popanda lina kuguluka. Ambiri amawayesa a ubwana n'kuwalekerera, chonsecho amenewo ndiwo a moyo wonse.

Tsono chitani izi. Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi. Akaona kuti pakufunika a mano, akutumizani ku Zomba Central Hospital kumene kuli chigawo cha mano. Amuna anu akuopa kuti akamuzula. Dzino la mafinyalo mwina akalichotsadi, ndipo kutero si nkhanza, n'kupulumutsa mwana ndi dzino lili pansilo. Amayamba abaya mankhwala ochititsa dzanzi. Koma mano amene angoyamba kubooka amatheka kumatidwa. Pali njira ina imene idayambira kwa anansi athu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, yokokota powola ndi tizipangizo tapamanja n'kumata, popanda makina olira aja ana amawaopa. Funsani ngati angathe kutero pa mano otsalawo. Mukachedwa, ndiye kuti mwasankha nokha kuti azulidwe onse. Podikira ulendo, mupatseni Panado wa ana pa muyezo wa msinkhu wake. Aspirin ayi, kaya womwa kaya woika pankhama. Madzi a batire, petulo, palafini ndi fodya zisayandikire pakamwa pa mwana.

Chachiwiri, mswachi ndi mankhwala otsukira mano, aja tonse timangoti Colgate ngakhale ali a kampani ina. Chofunika si dzina koma mchere wina wotchedwa fluoride, umene umalimbitsa chikuto cha dzino ndi kuthandiza malovu kukonza podyeka. Yang'anani pachubu kapena pakatoni, palembedwe nambala yapakati pa 1000 ndi 1500 ppm. Mu 2021 a WHO adaika mankhwala amenewa pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Ameneyu ndiye katemera amene tili naye lero, kungoti amaperekedwa ndi mayi kawiri patsiku, m'mawa ndi usiku pogona. Mwana wosakwana zaka zitatu muikireni kakang'ono ngati kambewu kamodzi ka mpunga wanu wa ku Likangala. Wa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, ngati kanjere ka nandolo. Akatha alavule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pamano. Akatsuka usiku, china chilichonse chisalowenso m'kamwa kupatula madzi. Ndipo mumutsuke ndinu, mutamukhazika pamiyendo mutu utatsamira pachifuwa chanu, mpaka adzafike zaka 7 kapena 8. Mwana amene satha kumanga zingwe za nsapato sangathe kutsuka mano ake bwino. Kamtengo kotsukira mano kamachotsa litsiro ndithu, ndipo mswachi ukasowa mukhoza kupaka mankhwalawo pa iko. Koma mchenga, makala ndi phulusa zimapala chikuto cha dzino, zisiyeni.

Chachitatu, shuga. Sindikunena kuti mwana asadzalawenso switi mpaka kalekale, chifukwa lamulo lotero palibe banja lingalisunge. Ndikunena kuti zotsekemera zizibwera mwa apo ndi apo, ndipo zizidyedwa pamodzi ndi chakudya, osati kumangonyambita tsiku lonse. Tiyi muzichepetsa shuga pang'onopang'ono, theka la sipuni sabata iliyonse, lilime lizolowera. M'phala thirani nsinjiro m'malo mwa shuga. Pakati pa chakudya mupatseni mbatata, chinangwa chophika, nthochi, dzira kapena chimanga. Inu a kunyanja muli ndi mwayi, matemba odyera limodzi ndi minga yake amalimbitsa mafupa ndi mano. Mwana akamwa mankhwala amadzi otsekemera a kuchipatala, mumwetseni madzi pambuyo pake.

Chachinayi, amene ali m'mimbayo. Kumuteteza kuyambire m'kamwa mwanu. Pamene mukupita ndi mkulu wakeyo, nanunso akakuoneni mano, ndipo muwauze kuti ndinu woyembekezera. Si zoona kuti mayi wapakati sathandizidwa dzino, ndipo si zoona kuti mimba iliyonse imadya dzino limodzi la mayi. Mano anu akakhala osamalidwa, tizilombo topatsira mwana timachepa. Akabadwa muyamwitseni bere lokha miyezi 6, ndipo mupitirize kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kuposera, wina asakunamizeni kuti mumuletse bere chifukwa cha mano. Dzino loyamba likangotuluka, nthawi zambiri pa miyezi 6, yambani kulitsuka tsiku lomwelo. Akhale ndi sipuni yake ndi kapu yake. Chakudya cholimba musinjireni, osamutafunira. Botolo la tiyi kapena la Sobo pogona ayi. Kamodzi pamwezi, tsiku la sikelo, kwezani mlomo wake wam'mwamba muone mano kufupi ndi nkhama. Mukaona mawanga oyera ngati choko, thamangani, chifukwa pamenepo dzino limatha kuchira lisanabooke. M'mera mpoyamba.

Zinthu zikusintha pang'onopang'ono m'dziko muno. Kwa zaka zambiri ntchito ya mano yakhala pamapewa a anzathu ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, pamene madokotala a mano ankachita kukaphunzira kunja. Mu 2019 sukulu ya madokotala ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu April 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. N'zolimbikitsa, komabe dokotala sangabwere kwa Mwambo usiku uliwonse kudzatsuka mwana wanu.

Ndimalize ndi za m'banjamo, chifukwa ndikuona kuti zikukupwetekani kuposa dzinolo. Ndikudziwa kuti pachikamwini bambo sangakhale pansi n'kuwadzudzula apongozi maso ndi maso, ndipo inu simungasankhe pakati pa amene adakuberekani ndi amene mudamanga naye banja. Musasankhe. Aliyense mukambe naye payekha, ndipo musayambe ndi kulakwa kwake, yambani ndi ntchito imene mukumupempha. Kwa mayi anu nenani kuti anamwino akuti mdzukulu wawo amamvera iwo kuposa wina aliyense, choncho iwo ndiwo akhale woyang'anira tiyi ndi phala, ndiponso kapitawo woona kuti mwana watsukidwa asanagone. Ngati n'kotheka apite nanu kuchipatala akamve ndi makutu awo. Zikakanika, pemphani amalume kapena ankhoswe akhazike pansi awiriwa, koma nkhani ikhale ya mwana, osati yofukula zakale.

Ndipo kwa inu bambo, ngati akuwerengerani tsamba lino pa zimbowera kapena padoko: ndakuonani kuti mwana wanu mumamukonda. Munthu wosakonda mwana sangaganize zotaya K15,000 pa iye. Ndalama imeneyo isapite m'chikwama cha munthu wosamudziwa. Ilipire ulendo wa ku Zomba, yotsalayo mugule miswachi itatu ndi chubu chimodzi. Ulendo wina pochoka kunyanja mubweretsereni mpira, nthochi kapena nsomba yonona imene mwamusankhira iye yekha. Adzakuthamangiranibe. Chimene mwana amathamangira ndi bambo ake, switiyo ndi chonamizira chabe.

Mayi, mundilemberenso mukabwerako kuchipatala. Ndikufuna ndimve kuti mnyamatayo wagona usiku wonse.

Anamwino.